Makona a pa Khwekhwelere si bwalo la mpikisano

Pali dalaivala wina amene ndimamudziwa bwino chifukwa nanenso ndinali choncho. Samwa mowa akamayendetsa. Laisensi yake ndi yeniyeni, sanaigule pakhomo lakuseri. M'tauni ndi munthu waulemu, amaimira ana asukulu kuti awoloke. Koma mungomupatsa msewu wokhotakhota kunja kwa tauni, kaya ndi potsika Thabwa kupita ku Chikwawa, pokwera Ku Chawe, kapena potsetsereka pa Khwekhwelere kuchoka pa Masasa kulowera ku Golomoti, munthu uja amasanduka wina. Amatsitsa wailesi, amakhala tsonga, manja onse awiri pachiwongolero, n'kuyamba kusewera ndi makona. Akafika kumunsi amayang'ana wotchi. Madzulo kumowa mudzamumva akuti, "Kagalimoto kanga kamagwira msewu inu, osakaonera kuchepa."

Sindinama, zimakoma. Aliyense amene amakonda chiwongolero amadziwa kukoma kwake kona ikalowa bwino: waponda buleki panthawi yake, galimoto yapendekeka pang'ono, yazungulira ngati ikuyenda panjanji, potuluka waponda moto ndipo injini yayankha. Anthu amene amalemba zodzudzula madalaivala othamanga nthawi zambiri amalankhula ngati kukoma kumeneku kulibe, ndipo n'chifukwa chake anyamata sawamvera. Kulipo. Mkangano wanga ndi wakuti amene akulipira kukomako si dalaivalayo.

Ine ndinaphunzira zimenezi mwezi wa February chaka china, ndili pa ulendo wa ku Monkey Bay ndi mlamu wanga pa ka Vitz kanga. Mvula inali itagwa usiku koma phula linali litauma, dzuwa lili phwee. Makona oyambirira ndinawadutsa mokoma mpaka mlamu anayamba kundichemerera. Kenaka tinafika pa kona ina yokhotera kumanzere, yobisika kuseri kwa thanthwe. Madzi a usiku anali atakokolola mchenga kuchokera m'phiri n'kuuyala pamsewu, wosachuluka, wongokwana mwina mawilibala awiri. Ndinakhotetsa chiwongolero, galimoto osakhota. Ndinawonjezera, chiwongolero chinangopepuka m'manja ngati chaduka. Kagalimoto kanapita molunjika, kudumpha mzere wapakati, matayala akukwecha pansi, n'kukaima mbali ya eni ake.

Kumeneko kunali bambo wina akukankha njinga yokweza matumba atatu a makala. Anaitaya njingayo n'kudumphira m'ngalande. Bampala yanga inaima pafupi kwambiri ndi tayala lake lakutsogolo moti sikukanadutsa ngakhale mbuzi. Atatuluka m'ngalandemo, akusasa matope pabondo, sanatukwane. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bwana, kodi mukuthawa ndani?" Ndinawathandiza kudzutsa njinga, ndinalipira thumba lomwe linang'ambika, koma funsolo sindinaliyankhe. Mlamu anakhala chete mpaka pa Golomoti.

Tsiku limenelo liwiro langa silinali loti n'kudabwitsa wapolisi. Ndipo apa ndi pamene ambiri timanamizidwa. Pamsewu woongoka, kusiyana kwa makilomita 60 ndi 80 pa ola sikumveka kwenikweni. Pa kona nkhani imasintha, chifukwa mphamvu yomwe imakankhira galimoto kunja sikula mofanana ndi liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Tiyerekeze kona yofanana ndi chigawo cha bwalo lozungulira lotalika mamita 50 kuchoka pakati kufika m'mphepete, mtundu wa makona omwe ndi osasowa m'mapiri mwathu. Pa 60, matayala amafunika kugwira ndi mphamvu yoposa pang'ono theka la kulemera kwa galimoto. Pa 80 amafunika kugwira ndi mphamvu yofanana ndi kulemera konse kwa galimotoyo. Matayala abwino a galimoto wamba pa phula louma safika pamenepo. Amagonja liwiro likangodutsa 70. Phula likanyowa ndi chiperoni cha ku Thyolo, kapena pakakhala mchenga ngati uja, malirewo amatsikira cha m'ma 50, mwinanso kuchepera apo. Kona yomweyo, galimoto yomweyo, dalaivala yemweyo, Lachiwiri wadutsa akuimba mluzu, Lachisanu wakagona m'phompho.

Galimoto yonseyo, ndi anthu ake ndi katundu wake, imakhudza pansi pa malo anayi okha, ndipo malo alionse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Zonse zimene dalaivala amachita, kukhota, kuima, kuthamanga, zimatapa m'thumba limodzi la ufa lomwelo. Ukatapa wambiri pokhota, wa buleki watsala wochepa. Ndiye munthu amene akunyadira kuti walowa kona pafupi ndi malire a matayala ake akungotiuza kuti alibe chotsala chopondera buleki. Ngati kuseri kwa konayo kuli mwana, ngolo ya ng'ombe, kapena lole yofa yomwe chizindikiro chake ndi nthambi ziwiri zoponyedwa pansi, alibenso chochita. Pa 70 galimoto imadya mamita 19 pa sekondi iliyonse. Kuti maso aone, mutu uvomere, phazi lifike pa buleki, galimoto n'kuima, pamafunika mamita oposa 50, theka la bwalo la mpira, ndipo apo ndi pamsewu woongoka. Werengani makona a pa Chiweta kapena a msewu wa Nkhata Bay kupita ku Mzuzu amene mumatha kuona mamita 50 kutsogolo.

Tsopano tiyang'ane galimoto zimene tikuyendetsa. Vitz, Passo, Note, Fit, Mira, Sienta, Freed, Probox. Ndi galimoto zabwino, ndipo zasintha miyoyo ya mabanja ambiri m'dziko muno. Koma anthu a ku Japan adazipangira kukagula zinthu kumsika, kusiya ana kusukulu ndi kupulumutsa mafuta. Matayala ake ndi opyapyala dala kuti zisamwe petulo. Masipuling'i ndi ofewa kuti agogo akumbuyo asadandaule msana. Zambiri mwa izo kumbuyo zili ndi mabuleki a dilamu. Pa zambiri mwa izo singano ya liwiro imalembedwa mpaka 180, inde, koma nambala imeneyo sinena kanthu za zomwe zichitike pa kona. Pafupifupi zonse zimakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo injini ili komweko, choncho zikafika pamalire zimachita zomwe inachita yanga: mutu umakana kukhota. Opanga galimoto amafuna zitero chifukwa n'kosavuta kuziwongola kuposa galimoto imene imataya matako. Koma ife timayenda kumanzere. Mutu ukakana kukhota pa kona ya kumanzere, ukupita kukakumana ndi amene akubwera. Ukakana pa kona ya kumanja, ukupita kuthengo, kumene kumayenda anthu apansi.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa mpaka chitawachitikira. Ukachita mantha pakati pa kona n'kuchotsa phazi pa moto mwadzidzidzi, kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, kumbuyo kumapepuka, matako n'kuyamba kutsetsereka. Dalaivala wosazolowera amabweza chiwongolero mopitirira muyeso, galimoto n'kukwapulira mbali inayo. Kwa galimoto yaitali msinkhu ngati Sienta kapena minibasi, makamaka itadzaza anthu kuposa amene idapangidwira, matumba a chimanga ali kumbuyo, mathero ake ndi kugubuduzika.

Musaganize kuti ili ndi vuto la galimoto zotchipa zokha. Mu 1997, atolankhani a magazini ina ya zamagalimoto ku Sweden adayesa Mercedes-Benz A-Class yatsopano poikhotetsa mwadzidzidzi ngati ikuzemba nyama pamsewu, liwiro lake la m'tauni basi. Galimotoyo idatembenuzika. Kampaniyo idaimitsa kaye kuigulitsa, n'kusintha masipuling'i ndi matayala, n'kuikamo makina othandiza galimoto kuti isatsetsereke, omwe amaponda buleki pa tayala limodzi pa lokha akaona kuti galimoto ikuchoka pamzere. Makina amenewa Toyota imawatcha VSC, Honda imati VSA, Nissan imati VDC. Ku Ulaya adalamula kuti galimoto iliyonse yatsopano ikhale nawo kuyambira 2014, ndipo ku Japan lamulo lotere lidayamba kugwira ntchito mu 2012 pa mitundu yatsopano ya galimoto. Yang'anani chaka cha galimoto yanu. Zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu zidapangidwa malamulowa asanabwere, ndipo zambiri mwa zotsika mtengo zilibe makinawa. Ngakhale zomwe zili nawo, makinawo sapanga matayala atsopano. Amangogawa bwino ufa womwe ulipo m'thumba muja, ukatha, watha.

Nditabwerako ku nyanja ndinapita kwa makaniko wanga, mkulu wina wosakonda zolankhulalankhula. Anagwada pa tayala lakutsogolo, kulipukuta ndi chala chonyowetsa ndi malovu, n'kundiitana.

"Achimwene, tawerengani apa."

Panali manambala anayi m'kabokosi: 2311.

"Sabata ya 23, chaka cha 2011. Tayala ili ndi lalikulu kuposa mwana wanu wachiwiri. Ndiponso awa ndi a kozizira, oyendera pa snow kwawoko. Mwaona timizere tating'onoting'onoti? Kuno kotentha amangofewa ngati chingamu."

Ndinali ndisanaganizepo n'komwe. Ndinkaona mano a tayala ali bwinobwino n'kumati ndili pabwino. Kumbuyo kunali matayala awiri a kaunjika a makampani osiyana, lina lili ndi mpweya wochepa. Ma shock akumbuyo anali atatha kale, mafuta ali chuchuchu. Galimoto imeneyi inali ndi COF yake yosatha pagalasi, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ndipo ndi galimoto imeneyi imene ndinkayesera kukhala katswiri pa Khwekhwelere.

Sindikunyoza munthu wogula matayala a kaunjika. Ndi mmene mitengo ilili, ambiri a ife tilibe kuchitira mwina. Koma ukadziwa kuti wavala nsapato yong'ambika suthamangira pa minga. Chodabwitsa n'chakuti anyamata amene amawononga ndalama pa malimu onyezimira, pa ekizozi yaphokoso ndi pa kutsitsa galimoto podula masipuling'i, ndi omwewo amene amapita kukasankha tayala pa mulu wa pamsika. Kudula masipuling'i kumapangitsa galimoto kuoneka yaukali, koma pa msewu wa mabampu imangodumphadumpha, ndipo tayala limene lili m'mwamba siligwira kanthu.

Mabuleki nawo ali ndi malire ake amene amaonekera potsika phiri basi. Ukamathamanga pakati pa makona n'kumaponda buleki mwamphamvu pa kona iliyonse, mabuleki amatentha. Akatentha kwambiri amasiya kuluma, ndipo mafuta a mabuleki akakhala akale, oti adayamwa chinyezi, amatha kuwira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Fungo lopsa lija timalimva kumunsi kwa Thabwa ndi limenelo. Madalaivala akale a malole ankadziwa kuti phiri umatsika ndi giya yomwe ungakwerere. Lero ambiri tili ndi galimoto za otomatiki ndipo zilembo zija S, B kapena L pafupi ndi D sitinazigwirepo chigulireni galimoto. Zilipo kuti injini izigwira galimoto potsetsereka, mabuleki apume.

Ndikudziwa zimene anzanga okonda liwiro ayankhe, chifukwa ndinkayankha zomwezo.

Ati, "Msewu umenewu ndimaudziwa ngati chikhatho changa." Zoona, makona mumawadziwa. Koma chimene mumadziwa ndi mmene msewu unalili dzulo. Simudziwa kuti thanki yataya dizilo m'mawa uno, kuti mwala wagwa kuchokera m'phiri, kuti kwachitika maliro ndipo anthu adzaza msewu. Kudziwa msewu n'kumene kumapha, chifukwa mlendo amalowa kona ndi mantha pomwe mwini dera amalowa ndi chikhulupiriro. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ati, "Vuto ndi misewu yathu, boma likonze." Apa ndikugwirizana nawo theka. Zikwangwani zochenjeza za makona zidabedwa kapena zidagwa m'malo ambiri, zitsulo zotchinga m'mphepete zikagundidwa zimakhala choncho zaka, mizere yapakati idafufutika, m'mphepete mwa phula mwadyeka moti wanjinga alibe kothawira. A Roads Authority ali ndi mlandu woti ayankhe, ndipo kusesa mchenga m'makona a m'mapiri nyengo ya dzinja si ntchito yofuna ngongole ya kunja. A Road Traffic nawo akamayeza galimoto bwenzi akuwerenga chaka cha tayala, osangoona ngati nyali zikuyaka. Koma mfundo imeneyi ikawunikidwa bwino ikuwatsutsa eni akewo. Ngati mukuvomera kuti msewu ndi woipa, mukuthamangiranji pamenepo?

Ati, "Oyenda pang'onopang'ono ndi amene amayambitsa ngozi." Zoona kuti lole yokwawa pa Chiweta imatopetsa, ndipo mzere ukatalika anthu amayamba kupitirira pamalo olakwika. Koma wopitirira pa kona yosaona kutsogolo wasankha yekha. Lole sinamukankhe.

Yankho limene limandivuta kwambiri ndi ili: "Moyo ndi wanga, galimoto ndi yanga." Likanakhala loona ndikanangokhala chete. Munthu akafuna kukwera Sapitwa nyengo ya nkhungu, tingamulangize koma mapeto ake ndi zake. Msewu wa boma ndi wosiyana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kwathu kuno sitifunika lipoti kuti tidziwe zimenezi. Msewu wa M1 ndi msika, ndi njira ya kusukulu, ndi njira ya kuchigayo, ndi modutsa ziweto. Mphamvu yotsala ija ya matayala, imene dalaivala wokonda makona amaiona ngati yongowonongeka akapanda kuigwiritsa ntchito, ndiyo chitetezo chokhacho chimene mayi wosenza nkhuni kuseri kwa kona ali nacho. Alibe lamba, alibe chitsulo chomuzungulira. Ukaidya mphamvuyo kuti usangalale, wadya za mwini wake osamupempha. Bambo wa makala uja sanavomere kulowa nawo m'masewera anga.

Anyamata ambiri amatengera zimene amaonera pa foni. Amaona Safari Rally ya ku Kenya, imene idabwerera mu mpikisano wa dziko lonse mu 2021, Sébastien Ogier n'kupambana pa Toyota Yaris, ndipo wina amawauza kuti Yaris ndi Vitz yomweyi, dzina lokha ndi limene limasiyana kunja kwa Japan. Ndi zoona pa dzina ndi pa maonekedwe. M'kati mulibe chofanana. Ya mpikisanoyo imakoka ndi matayala onse anayi, ili ndi khola la zitsulo lotchinga dalaivala, malamba a m'mapewa onse, chisoti, ndi munthu wachiwiri amene ntchito yake ndi kuwerenga kona iliyonse isanafike. Koposa zonse, msewu amautseka. Palibe minibasi yobwera kutsogolo, ambulansi ili chire, ndipo ngakhale zili choncho akatswiriwo amagwabe. Ku South Africa munthu wamba wofuna kudziwa malire a galimoto yake amalipira tsiku pa bwalo ngati Zwartkops pafupi ndi Pretoria kapena Killarney ku Cape Town, kumene ukalakwitsa umakathera pa udzu kapena pa mulu wa matayala. Achimwene athu amene ali ku Joni ndipo magazi awo amawira, njira ndi imeneyo. Kuno kwathu okonda magalimoto akanachita bwino kusonkhana, kupempha chilolezo ndi kubwereka malo otsekedwa, ngakhale bwalo lafumbi, n'kuika ma cone. Munthu amene wamvapo galimoto yake ikutsetsereka pa 40 pamalo opanda anthu amaphunzira zambiri kuposa amene wadutsa Khwekhwelere kakhumi mwamwayi, ndipo ambiri akalawa zimenezi chidwi chochitira pamsewu chimatha chokha, chifukwa amaona mmene malirewo alili pafupi.

Sindinasiye kukonda makona. Chimene chinasintha ndi chimene ndimadziyesa nacho. Kale ndinkayang'ana wotchi. Tsopano ndimafuna kuti ndimalize buleki galimoto isanayambe kukhota, ndikhale mbali yanga osaponda mzere ngakhale kamodzi, ndipo liwiro likhale loti ndikhoza kuima pa mtunda umene maso anga akuona. Ndimafuna kuti wogona kumbuyo asadzuke, ndi kuti botolo la madzi lili pampando lisagwe. Yesani, mudzaona kuti n'kovuta kuposa kuthamanga, ndipo kumafuna luso lenileni. Nthawi imene munthu amataya pochita zimenezi pa phiri lonse ndi mphindi zochepa, zomwe amakazitayanso pa Golomoti posankha mango.

Mwezi wathawu ndinadutsanso pa kona ija. Thanthwe lili pomwepo, ndipo mchenga unali utayalanso pamalo omwewo, chifukwa madzi sasintha njira. Ndinali pa giya yotsika, ndikuyenda mwina 35, pamene Sienta yoyera inatulukira kumbuyo, kundiwalitsira nyali kawiri, n'kundipitirira pakona pomwepo, itapendekeka moti tayala lakumbuyo linkaoneka ngati likufuna kunyamuka. Pagalasi lakumbuyo panali nkhope ya kamtsikana kovala yunifolomu ya sukulu, katagwira mpando ndi manja onse awiri.